Sipika ya monita ya woimba gitala

Sipika ya monita ndi chokuzira mawu chopendekeka, chimene chimaikidwa pansi moyang'ana kwa woimba gitala kuti azidzimva yekha pamene masipika aakulu alunjika kwa anthu. Mtundu wokhala ndi ampulifaya mkati, ndiye kuti chipangizo chowonjezera mphamvu ya mawu, umalumikizidwa ku mikisa (chipangizo chosakaniza mawu) ndiponso ku magetsi, amene m'Malawi ndi a mavoti 230.

Kumalo amene magetsi a ESCOM sanafike, kumene makwaya ndi mabandi amadalira jenereta kapena sola, vuto lodziwika ndi kutsika kwa mphamvu, kumene kumasasitsa mawu kapena kuzimitsa ampulifaya. Kulira kwa mluzu kumayamba mawu a sipika akabwereranso mu maikolofoni kapena m'mimba mwa gitala, ndipo kumatha woimba akatsitsa voliyumu kapena kusuntha sipikayo. Kung'ung'uza kosalekeza kawirikawiri kumasonyeza chingwe chowonongeka kapena waya wa earth wosagwira bwino, pamene sipika yosayaka n'komwe imafuna kuona kaye fyuzi. Pa zipangizo zonse zolumikizidwa, monita imayatsidwa pomaliza, ndipo imazimitsidwa poyamba.