Ubale Umene Unabadwira m'Mapiri a Nkhondo

Mtsinje wa Mulunguzi ucokera pamwamba pa phiri la Zomba, nutsikira ku mzinda umene unali likulu la Boma kufikira caka ca 1975. M'tsinde mwa phiri lomwelo muli kampu ya asilikari, yochedwa lero Cobbe Barracks, ndipo pafupi pace paima nsanja ya njerwa yokumbutsa amuna amene anafa pa nkhondo ya 1914 kufikira 1918. Kumeneko kunali kwao kwa asilikari a King's African Rifles, amene makolo athu anawacha Akeyala, gulu limene linakhazikidwa m'caka ca 1902.

Tiyenera kukumbukira kuti olowa usilikari masiku aja anali a mitundu yosakondana. Ayao, Atonga, Angoni, Amang'anja ndi Acewa anali asanaiwale nkhondo za makolo ao ndi malonda a akapolo. Koma pa Zomba anabvala cobvala cimodzi, nadya nsima ya mphika umodzi, naphunzira kumvera lipenga limodzi.

Nkhondo yoyamba inafika m'dziko lathu pa Karonga, tsiku la 9 September 1914, pamene Ajeremani anabwezedwa. M'caka ca 1916 General Northey anatsogolera ankhondo kulowa m'dziko la Ajeremani, lochedwa lero Tanzania, m'mapiri a kumpoto ndi kum'mawa kwa Nyanja. Kumeneko kulibe cigwa cakuti munthu apume. Njira zinali zoterera, mvula yosakata, ndi usiku cisanu colowa m'mafupa. Magalimoto sanathe kukwera monsemo. Cifukwa cace cakudya, zipolopolo ndi mfuti zazikuru zinayenda pa mitu ya anthu. Awa ndiwo a tengatenga, amene anaposa asilikari kuculuka kwao, ndipo ambiri a iwo anatengedwa m'midzi mokakamiza. Njala, kamwazi ndi cibayo zinapha anthu ambiri osaona konse nkhope ya mdani. Anthu anaicha nkhondoyo ya Ciwaya, potengera mfuti ija yolira kosalekeza. Mkuru wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anaoloka Rovuma kulowa m'Mozambique m'caka ca 1917, ndipo athu anamlondola kufikira anapereka zida zace pa Abercorn, ndiyo Mbala, m'November 1918.

Ana a amuna omwewo anaitanidwanso pa nkhondo yaciwiri. Anamenyana ndi Ataliyana ku Somaliland m'caka ca 1940, nakwera mapiri atali a Ethiopia, kumene linga lotsiriza la Gondar linagwa m'November 1941. Pambuyo pace anaoloka nyanja yamcere kunka ku Burma, ndipo m'caka ca 1944 anayenda m'cigwa ca Kabaw nthawi ya dzinja, pakati pa matope ndi malungo, kufikira mtsinje wa Chindwin.

Kodi munthu atenga ciani ku malo otere? Ena anabwera ndi mendulo, ena ndi zipsera, ena analibe kanthu konse. Koma ambiri anabwera ndi cuma cina cosagulika, ndico bwenzi. Pa phiri palibe wofunsa mtundu wa mnzace. Iye amene anakusenzera katundu tsiku limene miyendo yako inalefuka, nakugawira madzi a m'botolo lace, nakufunda bulangete lace limodzi, ameneyo akhala mbale wako kufikira imfa. Akuru anati mutu umodzi susenza denga, ndipo amuna awa anaona coonadi ca mauwo ndi maso ao.

Ubalewo sunathere pa nkhondo. Unaonekanso m'magule. Beni wa Ayao, ndi malipenga ndi mganda za kumpoto ndi m'mbali mwa Nyanja, zionetsa perete wa asilikari: obvina ayenda m'mizere, ali ndi akuru ao a maudindo, naomba zipanda m'malo mwa malipenga a mkuwa. Pa Zomba panamangidwa nyumba zosungiramo asilikari okalamba, kuti amene anakwera mapiri pamodzi athe masiku ao ali pamodzi. Ndipo caka ndi caka, m'mwezi wa November, anthu asonkhana pa nsanja ija kuika nkhata za maluwa. Ngakhale Mfumu Haile Selassie ya Ethiopia inakwera phiri la Zomba m'caka ca 1965, ndipo malo amene inaimapo achedwa Emperor's View kufikira lero. Inaponda dziko limene ana ace anathandiza kuombola dziko lace.

Abale, ife sititama nkhondo, pakuti inasiya amasiye m'midzi yathu yambiri. Koma ngati anthu a mitundu yodana anaphunzira kukondana pakati pa zipolopolo, nanga ife amene tikhala pa gome limodzi la Ambuye tidzawiringula ciani? Pokumbukira asilikari, tikumbukirenso a tengatenga, amene manda ao ali m'mapiri acilendo opanda mwala wa dzina. Ndipo ngati m'mudzi mwanu muli nkhalamba imene inasenza katundu wa anzace masiku a mphamvu yace, musaileke isenze yokha ukalamba wace.