Madzi Oyesera Mfiti: Tomo Nyirenda ndi Matthew Hopkins

Aphunzitsi anzanga, ambiri a ife pophunzitsa mbiri timauza ana kuti kupha mfiti ndi nchito ya anthu osadziwa kalata. Ndikhulupira kuti timafulumira ponena tero.

Tomo Nyirenda anali munthu wa ku Nyasaland, wophunzira ku Livingstonia. Atafika ku Northern Rhodesia kudzafuna nchito, analowa cipembedzo ca Watch Tower, ndipo m'caka ca 1925 anayamba kubatiza Alala a m'boma la Mkushi, kum'mwera ca kum'mawa kwa Ndola. Anadzicha Mwana Lesa. Ubatizo wace unali womiza thupi lonse, ndipo ananena kuti munthu amene madzi akana kumphimba, ameneyo ndiye mfiti. Poyamba ankangowaloza otere. Koma atagwirizana ndi mfumu Shaiwila, imene inali ndi adani ace, anayamba kuwamiza kufikira atafa. Pambuyo pace anaoloka malire kunka ku Katanga, m'dziko la Belgian Congo, kumene anthu oposa 100 anafa m'manja mwace. Atagwidwa anamangidwa zingwe zolimba kotero kuti manja ace anaonongeka nadulidwa. Mlandu unaweruzidwa ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, ndipo iye ndi Shaiwila ananyongedwa mu 1926.

Makolo athu ankayesa mfiti ndi mwabvi. Nanga muyeso wa kumizawu unacokera kuti? Codabwitsa n'cakuti ku England unalipo kale. Pakati pa 1645 ndi 1647, nthawi ya nkhondo ya paciweniweni, Matthew Hopkins, mwana wa mbusa wa mpingo, anayendayenda kum'mawa kwa dzikolo kusaka mfiti, midzi ikumlipira. Woganiziridwa ankamangidwa manja ndi miyendo naponyedwa m'dziwe. Akamira, analibe mlandu. Akayandama, anali mfiti. Mfumu James inali italemba kale mu 1597, m'buku lace Daemonologie, kuti madzi amakana munthu amene anakana ubatizo wace. Oposa 100 ananyongedwa, ambiri a iwo akazi osauka.

Sindinena kuti Nyirenda anaphunzira kwa Hopkins ai. Pakati pao panali nyanja ndi zaka 280. Koma onse awiri ankadziwa kuwerenga Malembo, ndipo onse awiri anasandutsa madzi a ubatizo kukhala woweruza. Hopkins sanaweruzidwe konse: anafera kwao mu 1647.