Nyimbo ya Beethoven ku Berlin m'Caka ca 1989

Ana inu, tsegulani mapu anu mupeze mzinda wa Berlin m'dziko la Germany. Kuyambira m'caka ca 1961 mzinda umenewu unagawidwa pawiri ndi cipupa cacitali colondedwa ndi asilikali, kotero kuti munthu wa kum'mawa sanali kuloledwa kukaona mbale wake wa kumadzulo. Cipupaco cinatsegulidwa pa 9 November 1989.

Patapita milungu isanu ndi umodzi, wotsogolera oimba wa ku America, Leonard Bernstein, wa zaka 71, anasonkhanitsa oliza mavayolini, zitoliro, malipenga ndi ng'oma ocokera ku mbali zonse ziwiri za Germany, ndiponso ku America, Britain, France ndi Soviet Union, maiko anai amene anagawana mzindawo nkhondo itatha. Panalinso makwaya, ndi ana a ku Dresden pakati pao. Anaimba kumadzulo pa 23 December, ndi kum'mawa pa tsiku la Khrisimasi. Mawailesi a kanema anaulutsa kuimba kwa pa Khrisimasiko ku maiko oposa 20.

Nyimbo imene anasankha inali Ninth Symphony ya Ludwig van Beethoven, yoimbidwa koyamba ku Vienna m'caka ca 1824, mwini wake ali wogontha kale. Ndi yaitali koposa ola lathunthu, ndipo oimba ndi pakamwa amangokhala cete kufikira cigawo cotsiriza. Pamenepo aimba ndakatulo ya Friedrich Schiller yotamanda cimwemwe. Tsono Bernstein anacita cinthu cacilendo: paliponse pamene panali liu la Cijeremani lakuti Freude, ndilo cimwemwe, anauza oimba kuti anene Freiheit, ndilo ufulu.

Kodi omvera anacilandira bwanji? Khamu la anthu amene sanapeze malo m'nyumbamo linaimirira pabwalo m'nyengo yozizira ndi kupenya pa cinsalu cacikulu. Kwa iwo liu latsopanolo silinafune kumasulira: anali atangodutsa kumene pa cipupa cimene ena anaphedwerapo poyesa kuthawa. Nyimbo itatha anaomba m'manja nthawi yaitali.

Koma akatswiri ena sanakondwere. Anafunsa kuti, ndani anapatsa wotsogolerayo mphamvu yosintha mau a wolemba amene anamwalira kale? Panali mbiri yakale yakuti Schiller anafuna kulemba za ufulu koma anaopa olamulira. Ofufuza sanapezepo umboni, ndipo Bernstein yemwe anavomera zimenezo. Iye anangoti akhulupirira kuti Beethoven akadamdalitsa. Ine ndiganiza kuti pa tsiku limodzi lija anacita bwino, ngakhale kuti funso la akatswiriwo si lacabe.

Cifukwa cake ndi ici: nyimbo yomweyi inabwerekedwapo ndi anthu oipa. Inaimbidwa ku Berlin komweko m'caka ca 1942 pokondwerera tsiku lobadwa la Hitler. Ndipo kutsidya kwa Zambezi, boma la Ian Smith linatenga maimbidwe a cigawo cotsiriza m'caka ca 1974, niliikamo mau ena, kuti akhale nyimbo ya fuko ya Rhodesia kufikira 1979. Taganizani munthu wa ku Zimbabwe amene anali kumva maimbidwe amenewo pa wailesi ya Salisbury m'masiku a nkhondo ya ufulu. Powamvanso ali kucokera ku Berlin, kodi mtima wake unanena cimodzimodzi ndi wa Mjeremani wa pabwalo paja? Aphunzitsi, funso ili muwapatse ana akambirane.

Maiko awiri a Germany anagwirizananso pa 3 October 1990. Bernstein anamwalira ku New York patangopita masiku 11.