Za Liu la Chingerezi Lakuti "Station"

Aphunzitsi anzathu, mukafunsa ana a kuno tanthauzo la liu lakuti station, onse adzayankha pamodzi kuti ndi poima sitima ya pamtunda. Sanama ai, koma agwira nthambi imodzi yokha. Liuli lidachokera ku Chilatini, statio, ndiko kuti kuima kapena malo oimapo, ndipo lidafika m'chigwa cha Shire njanji isanafike.

Pamene Angerezi adakhazika boma lao pa Liwonde, m'makalata mwao ankatcha malowo station, chifukwa mpamene bwana ndi asilikali ake adaikidwa kuti akhale. Ansembe a Montfort atamanga pa Utale m'chaka cha 1908, nawonso adatcha pamalo pao mission station, ndi timatchalichi ta kumidzi outstation. Apa tiona kuti liuli linkanena za munthu woikidwa pa nchito, asachokepo kufikira womtuma atamuitana. Anthu athu sadalitole liuli nthawi imeneyo. Ankangoti pa boma, pa mishoni.

Lidalowa m'kamwa mwa anthu ndi njanji. Ya ku Blantyre idapitirira kufika ku Salima m'chaka cha 1935, kudzera pa Balaka, ndipo masitolo ndi msika zidakula mozungulira poima sitimayo. M'chaka cha 1970 ina idapatuka pa Nkaya, kuoloka Shire pa Liwonde, nkukafika ku Nayuchi pa malire a Mozambique. Tsono siteshoni lidasanduka liu la kwathu, la tikiti ndi katundu ndi kutsazikana. Malo amene adayamba ngati poima sitima adakula kotero kuti mu 1998 Balaka adapatulidwa ku Machinga nakhala boma paokha.

Chovuta chiri kwa inu akatekisiti. Buku la Chingerezi likamanena za Njira ya Mtanda litchula stations 14. Musamasulire kuti masiteshoni, pakuti mkhristu wa ku Nkaya adzaona utsi wa sitima m'maganizo mwake; nenani kuti malo oimapo, chifukwa pamenepo timaimadi ndi kulingalira. Chimodzimodzi mau akuti station in life sanena za malo ai, koma za udindo ndi ulemu wa munthu pakati pa anzake. Za polisi ndi za wailesi, izo zilekeni. Anthu adazolowera kale kuzitcha siteshoni, ndipo ife sitiona chifukwa cholimbana nao.