Kutalikirana si Kutayana: Miliri m'Mbiri ya Ntcheu

Tikamaŵerenga mbiri ya boma la Ntcheu, tipeza kuti kuopa dzanja la mbale sikunayambe ndi Covid-19. Makolo athu ankamangira wodwala nthomba msasa kunja kwa mudzi. Komatu sankamsiya yekha: ankamsankhira womdwazika, kaŵirikaŵiri munthu amene anadwalapo nthombayo nachira. Thupi linkapatulidwa, koma ubale sunkadulidwa.

Kumapeto kwa 1918 chimfine choopsa chinaloŵa mu Nyasaland, nichifalikira m'njira zimene asilikali ndi amtengatenga ankabwerera kuchokera ku nkhondo. Misioni ya Nzama, imene ansembe a Montfort anatsegula mu 1901, inali isanakwane zaka 20. Motero mwana wakwathu woyembekezedwa mwachidwi ndiye anali wobweretsa imfa. Khate nalo linkachotsa munthu pakati pa anzake, ndipo mu 1927 a White Fathers anatsegula malo osamalirako akhate ku Mua, m'boma loyandikana nalo la Dedza.

Pa 2 April 2020 Malaŵi analengeza odwala oyamba a Covid-19. Sukulu zinali zitatsekedwa kale. M'matchalitchi tinaleka kupatsana dzanja la mtendere pa Misa, ndipo madzi odalitsidwa anachotsedwa pakhomo. Obwera ku Johannesburg ankalandiridwa ndi maso okayika, monga amtengatenga aja. Choŵaŵa koposa chinali pamaliro: kusambitsa mtembo ndi kugona pa siŵa, zimene kwa ife ndi ngongole yotsiriza kwa womwalira, zinaletsedwa pamene munthu wafa ndi mliriwu.

Komabe ku Lizulu ndi ku Tsangano, kumene malire a Mozambique adutsa pafupi ndi msika, mlimi wa mbatatesi sakanadzitsekera m'nyumba ana ali ndi njala. Pa 17 April 2020 Bwalo Lalikulu linaimitsa lamulo lotsekera anthu m'nyumba masiku 21.

Nanga mbiri imeneyi itiphunzitsa chiyani? Kutalikirana pofuna kuteteza moyo ndi ntchito ya chikondi, pakuti moyo wa mnzathu ndi wopatulika. Chimene chili tchimo ndi kulola mantha kusandutsa wodwala kukhala mdani. Buku la Levitiko liika wakhate kunja kwa zithando, koma Marko Woyera asimba kuti Ambuye Yesu anamkhudza namubwezera kwa anthu ake. Eklezia sangathe kukhudza wodwala aliyense pa mliri, koma asasoŵe womdwazika woima pakhomo pa msasa.