Peugeot 404 ndi Matupi Ake Osalembedwa

Munthu aliyense wofika pa boma la Mangochi amaona nsanja yokumbukira Mfumukazi Victoria pafupi ndi mlatho wa pa Shire. Pambali pake pali mfuti yaikulu ya sitima ya Guendolen, imene inaombera sitima ya Ajeremani mu August 1914, ndiponso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Mbiri ya sitima za pa nyanja yathu inasungidwa ndithu. Koma nsomba zikatsika m'bwato pa Makawa, pa Malembo kapena pa Malombe, sizinkapita ku misika ya Zomba ndi Limbe pa sitima ai. Zinkayenda pa galimoto, ndipo za magalimoto amenewo palibe chipilala. Nditafunsa akuluakulu a kwathu kuti galimoto imene amaikumbukira kwambiri ndi iti, ambiri anatchula dzina limodzi: Peugeot 404, imene iwo amangoti Pijo.

Tiyambe ndi zimene zinalembedwa kale. Galimotoyi inatuluka mu 1960 ku fakitale ya Peugeot ku Sochaux, m'dziko la France. Maonekedwe ake anajambula ndi a kampani ya Pininfarina ya ku Turin, ku Italy. Yoyambayo inali saluni ya zitseko zinayi, yokhala ndi injini ya petulo ya 1,618 cc yoikidwa mopendekera. Pambuyo pake kunabwera ina ya dizilo. Ku France anasiya kupanga saluniyi mu 1975, koma ku Kenya 404 inapangidwabe mpaka 1991, ndipo inkalumikizidwanso ku Nigeria ndi ku South Africa. Onse pamodzi, magalimoto a mtundu umenewu anaposa 2,800,000.

Chimene chinaitchukitsa kuno ku Africa ndi mpikisano wa East African Safari, wodutsa m'matope ndi m'fumbi la Kenya, Uganda ndi Tanzania. Mu 1963 magalimoto 7 okha ndiwo anafika kumapeto, ndipo yotsogola inali 404 yoyendetsedwa ndi Nick Nowicki ndi Paddy Cliff. Mu 1966 ndi mu 1967 anapambana ndi Bert Shankland ndi Chris Rothwell, mu 1968 Nowicki ndi Cliff anabwerezanso, onsewa pa 404. Wamalonda wodziwa msewu wa dothi nthawi ya dzinja sankafunanso umboni wina.

Tsono dzina la 404 silinali la thupi limodzi. Amakaniko thupi la galimoto amalitcha bode, ndipo eni fakitale anapanga mabode angapo pa injini imodzimodziyo. Mu 1962 kunatuluka Familiale, yaitali, ya mizere itatu ya mipando, ndiponso inzake yonyamulira katundu yotchedwa Commerciale. Pa saluni, mtunda wochokera pa tayala lakutsogolo kufika pa lakumbuyo ndi mamita 2.65, pamene pa Familiale ndi mamita 2.84. Panalinso ziwiri za anthu achuma, Cabriolet yotsekula denga ndi Coupé ya zitseko ziwiri, zimene mabode ake ankapangidwa ndi a Pininfarina eni ake ku Italy. Ziwirizi pamodzi zinangokwana pafupifupi 17,000. Mu 1967 kunabwera pikapu, yokhala ndi masipuling'i a zitsulo zosanjikiza kumbuyo m'malo mwa opota aja a pa saluni. Ntchito yosintha mabode inapitirira pa mng'ono wake wa 404, Peugeot 504 ya mu 1968, imene a kampani ya Dangel ku Alsace ankaisandutsa yokoka ndi matayala onse anayi m'zaka za m'ma 1980.

Zonsezi zili m'mabuku. Ku Sochaux kuli nyumba yosungirako magalimoto akale a Peugeot imene inatsegulidwa mu 1988, ndipo okonda 404 ku Ulaya amalemba m'kaundula nambala ya galimoto iliyonse yotsala. Mmisiri wa ku Turin akadula denga la galimoto, ntchito yake imapatsidwa dzina, chaka ndi chithunzi. Nanga wowotcherera zitsulo wa pa Mangochi amene anadula saluni n'kuisandutsa yonyamulira utaka, ntchito yake ili m'buku liti? Ine ndikuti nayenso anali wopanga mabode, ndipo mitundu imene anaitulukira iyenera kuwerengedwa pamodzi ndi inzake ija. Kuchokera pa zimene ndamva kwa amalume anga, amene anagulitsa nsomba zaka zambiri, ndi kwa amakaniko awiri okalamba, ndapeza mitundu inayi.

Mtundu woyamba ndi saluni yochotsedwa mpando wakumbuyo. Kunja inkaoneka ngati galimoto ya bwana, koma m'kati munkayalidwa matabwa kuchokera kumsana kwa woyendetsa mpaka ku buti, kuti mulowe madengu. Pamwamba ankawotchererapo kaliyala ya mapaipi. Iyi inali ya chambo chachiwisi, chimene chinkafunika kufika ku tauni dzuwa lisanakwere, pakuti ayezi sankapezeka wamba.

Mtundu wachiwiri ndi saluni yodulidwa. Galimoto ikagundidwa kumbuyo, kapena dzimbiri likadya pansi chifukwa cha madzi a nsomba, mmisiri ankadula denga kuseri kwa zitseko zakutsogolo, n'kutseka ndi lata, kenaka kalipentala ankakhoma bokosi la matabwa. Poiona patali inkafanana ndi pikapu ya ku fakitale, koma inali yofooka, chifukwa thupi la saluni ndi denga lake ndizo zimagwira galimoto yonse. Mmodzi wa amakaniko aja anandiuza akuseka kuti yodulidwa mosasamala inkapindika pakati ngati bulu wosenzetsedwa matumba, mpaka zitseko kukana kutseka. Amisiri ochenjera ankawotcherera zitsulo ziwiri zazitali kunsi asanadule.

Mtundu wachitatu ndi pikapu yeniyeni yosandutsidwa matola. Ankawonjezera zitsulo pa masipuling'i, kumanga khola la mapaipi lofunditsa tenti, ndi kuika mabenchi awiri oyang'anizana. Anthu ankakhala m'kati, matumba a usipa ndi kambuzi pamwamba, njinga kumbuyo. Galimoto zotere ndizo zinkakwera chitunda cha ku Namwera ndi kulowa m'midzi imene basi sinkafika.

Mtundu wachinayi ndi umene wandichititsa kulemba nkhaniyi, pakuti ndi wokhawo umene ine ndauona ndi maso. Galimoto ikafa sinkatayidwa. Ekiselo ndi matayala ake zinkapita kunsi kwa ngolo ya ng'ombe. Masipuling'i ankapita kwa wosula, amene ankasula nkhwangwa, mipeni ndi sompho zosemera mabwato. Limu linkapachikidwa pa mtengo kukhala belu la pa sukulu, matayala akutha ankadulidwa kukhala nkhwaira ndi zingwe zomangira katundu. Motero galimoto imodzi yochokera ku Sochaux inkatha kumwazikana m'midzi isanu, n'kumagwirabe ntchito.

Wina anena kuti kuika ngolo pa mndandanda umodzi ndi Coupé ya Pininfarina n'kuseka. Zoona, kukongola kwake n'kosiyana, ndipo zina mwa zosinthazi zinali zoopsa: matola yodzaza mopyola muyeso, ya mabuleki opangidwira katundu wochepa, inapweteka anthu, ndipo mbiri yoona iyenera kunena zimenezo. Komabe wolemba mbiri safunsa za kukongola kokha. Amafunsa kuti chinthu chinasintha chiyani pa moyo wa anthu. Coupé inanyamula anthu awiri kupita kokasangalala. Saluni yodulidwa inanyamula ndiwo za m'tauni, fizi ya ana a sukulu, odwala opita ku chipatala, ndiponso maliro obwerera kumudzi. Mabode ake akutiuza za kusowa kwa zipangizo, za misewu, za malonda a nsomba ndi za nzeru za amisiri amene ambiri sanaphunzire ntchitoyo m'kalasi.

Kulemba mbiri imeneyi n'kotheka, ngakhale pa chigoba chimene chamera udzu. Pafupi ndi injini pamakhala kachitsulo kolembedwa mtundu ndi nambala ya galimoto. Chilembo L chimasonyeza Familiale, C ndi Coupé kapena Cabriolet, U6 ndi Commerciale, pamene U8 ndi U10 ndi mapikapu. Kachitsulo kakanena kuti saluni koma maso akuona pikapu, dziwani kuti papita dzanja la mmisiri wa kuno. Kachitsuloko kakasowa, werengani manati a tayala: saluni ili ndi atatu, pamene Familiale ndi pikapu zili ndi asanu. Njira imeneyi imathandiza ngakhale pa ngolo. Tsiku lina ndinagwada kunsi kwa ngolo yonyamula njerwa pa msewu wa ku Monkey Bay n'kuwerenga manati atatu. Mwini wake anati ekiseloyo anaisiya ndi bambo ake, ndipo sankadziwa kuti inali ya galimoto yanji.

Nthawi yatsala pang'ono. Chiyambire m'zaka za m'ma 1990, magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan analanda misewu, ndipo ogula zitsulo zakutha amayenda m'midzi ndi sikelo, kugula zigoba pa kilo. Amisiri amene anadula ndi kuwotcherera akukalamba. Madzi akatayika saoleka.

Chotero ndikupempha anzanga a pa koleji pano, makamaka ochokera m'mbali mwa nyanja, kuti pa tchuthi chikubwerachi aliyense afufuze chigoba chimodzi kwawo. Lembani nambala ya pa kachitsulo, werengani manati, jambulani chithunzi, ndipo khalani pansi ndi mwini wake kapena mmisiri amene anachisintha, mumufunse chaka chimene anagula, chimene anadula, chifukwa chake, ndi katundu amene ankanyamula. Aphunzitsi athu a mbiri angatithandize kusonkhanitsa zolembazo m'buku limodzi. Tikafika mapepala makumi awiri, tidzakhala ndi kaundula woyamba wa mabode a ku Mangochi, wokhala ndi maina a amisiri amene anawapanga.