ZA LUMO NDI KAMETEDWE KA PAKHOSI

Akuru anatisiyira mwambi wakuti, "Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa." Ife aphunzitsi tiumasulira kwa ana kuti nzeru yakuthetsa mlandu ikhoza kucokera kwa munthu wa kutali. Koma ana ambiri a masiku ano salidziwa lumolo, pakuti anazolowera lezala wa m'sitolo. Cifukwa cace ndifuna kulongosola mbiri yace, monga inacitikira kuno kwathu ku Ruarwe ndi m'midzi yina ya m'mbali mwa nyanja.

Poyamba tipenye mau. Limodzi titi lumo, ambiri malumo. Laling'ono ndi kalumo. Ku mneni kumeta kucokera kumetedwa, kumetetsa ndi kumetana. Mau otsirizawa ali ndi phunziro, pakuti kale kunalibe kalirole m'midzi, ndipo munthu sanakhoza kudzimeta bwino yekha. Mau akuti lezala ndi acilendo, tinawatenga ku Cingerezi.

Lumo la makolo linali kacitsulo kakang'ono kaphanthiphanthi. Citsulo cace anacisungunula m'ng'anjo, osula nacisula ndi nyundo. Ndipo Aphoka a kumapiri a kufupi ndi Nyika anachuka ndi nchito imeneyi. Mwini lumo analinola pamwala, nanyowetsa tsitsi ndi madzi, nayamba kumeta. Silinali la ndebvu zokha ai. Khanda linametedwa tsitsi loyamba, namwali anametedwa pa cinamwali, ndi ofedwa anametedwa atatha maliro, kuti onse aone kuti masiku a kulira alinkutha. Cotero lumo limodzi linayenda pa mitu ya mbumba yonse.

Tsono anafika alendo ndi lumo lao. M'caka ca 1878 John Moir ndi mbale wace Frederick Moir anayamba kutsogolera kampani ya malonda imene inachedwa African Lakes, ndiyo ija anthu anaicha Mandala. Ndipo mu 1881 Dotolo Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia ku Bandawe, kufupi ndi Chintheche. Atonga ambiri analowa nchito pa kampaniyo, ndipo pambuyo pace anyamata anatsikira ku Salisbury, Bulawayo ndi Johannesburg. Kumeneko anaona lumo lopinda, lalitali ngati cala, lakulowa m'cigwiriro cace monga mpeni wa m'thumba. Ambiri a malumo otere anasulidwa ku Sheffield, mudzi wa ku England wochuka ndi mipeni. Wobwera kucokera ku ulendo, wobvala kolala ndi tayi, anafuna kuti khosi lace likhale losalala. Ndipo pamenepo panabuka bvuto, pakuti palibe malo obvuta kumeta monga pakhosi.

Ndiri mwana ndinaona nkhalamba yina ya ku Ruarwe, imene inagwira nchito Kumwera zaka zambiri, irikumeta mnzace pansi pa mtengo m'mphepete mwa nyanja. Inayamba yakhuliza lumo pa lamba wacikopa, msana wa lumo uli patsogolo, kuti lingadule lambayo. Inanyika nsaru m'madzi ofunda, niikulunga pakhosi pa mnzaceyo kufikira ndebvu zitafewa, nipaka thobvu la sopo. Isanamete, inasisita khosi ndi cala kufuna kumene ndebvu zagonera. Pakuti za pansi pa cibwano zigonera kunsi, koma za m'munsi mwa khosi kawiri kawiri zigonera kumwamba kapena cammbali. Inagoneka lumo pafupi ndi khungu, osaliimika, nimeta pang'ono pang'ono motsata ndebvu, osakanikiza. Pofika pa kholingo inakokera khungu kumbali, nimeta pamalo posalala. Nthawi yonseyo wometedwayo anali cete, maso ali kumwamba, wapereka khosi lace m'manja mwa mnzace.

Nzeru ya nkhalambayo asing'anga a cipatala aibvomereza. Tsitsi lathu ndi lopotana. Munthu akameta molimbana ndi ndebvu, kapena akakoka khungu kolimba kuti lumo lidule pansi penipeni, nsonga ya tsitsi pomera ipindika nilasa khungu. Ndipo paturuka tiziphuphu toyabwa, timene tikhoza kusiya zipsera. Wofuna mtendere pakhosi asabwereze lumo kawiri katatu pamalo pamodzi, ndipo asafune kusalala koposa.

Lumo lopinda linagonja kwa mlendo wina. Mu 1904 King Camp Gillette wa ku America analandira kalata ya boma yakumsungira luso lace la kalezala kopyapyala, kotaya kakabuntha. M'kupita kwa zaka malezala anafika m'masitolo a m'midzi, ndipo mwala wonolera ndi lamba zinaiwalika. Lero pa misika ya Nkhata Bay ndi Chintheche ometa agwira makina a magetsi.

Mwambo wa lumo limodzi unasinthanso. Mu 1985 nthenda ya Edzi inapezeka m'dziko la Malawi, ndipo anthu anaphunzira kuti kacirombo kace kayenda ndi mwazi; lumo likaceka wina ndi kupita pa mutu wa wina losaphikidwa, likhoza kutenga nthenda. Kumeta kwa pamaliro sikuli koipa, koma yense akhale ndi lezala wace.

Aphunzitsi anzanga, pophunzitsa mwambi wa kalumo, musalekeze pa mau okha. Funsani akuru a m'mudzi mwanu ngati alipo wosunga lumo lakale, mubwere nalo ku sukulu ana alione, ndipo mulembe maina a zipangizo zace m'Citonga ndi m'Citumbuka eni ace akali moyo. Muwauzenso ana kuti lumo lakuthwa lifuna dzanja lofatsa, ndi kuti munthu sapereka khosi lace kwa iye amene samkhulupirira.